Filimu ya pagalasi, zitsulo, kapena zonse ziwiri? Kuteteza mazenera m'nyumba za ku Salima

Alamu anga amakhala ku Johannesburg, koma mtima wawo uli ku Senga Bay komwe akumanga nyumba yoti adzapumiremo akadzatopa nako ku Joni. Amisiri ndimawayang'anira ndine, poti kuchokera pa Kamuzu Road pomwe ndimakhala ndi makilomita pafupifupi 20 basi. Denga litatha, mafelemu atalowa, ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp. Mkulu wina wadzitho akumenya zenera ndi hamala, galasi likuchita ming'alu ngati ukonde wa kangaude, koma osagwa. Pansi pake analemba kuti: "Alamu, zitsulo ayi. Sindikufuna kumaona nyanja ngati ndili ku Maula. Tingomata ichi."

Chomatacho ndi filimu yotetezera magalasi. Dzinali limasokoneza, mmisiri wathu wina anafunsa ngati ndi ya karate kapena ya ku Nigeria. Ndi pepala la pulasitiki loyera mbee ngati madzi, lokhala ndi guluu mbali imodzi, lomwe amalimata pagalasi cham'kati mwa nyumba. Ndinatenga miyezi ingapo ndikufunsa, kuyerekeza ndi kuyesa ndekha pa magalasi otsala, ndipo chomwe ndinapeza ndi chakuti funso loyamba si loti filimu ndi yolimba bwanji. Funso loyamba ndi lakuti zenera lanulo usiku limakhala lotseka kapena lotsegula.

Aliyense amene anagonapo ku Salima kapena ku Nkhotakota mu Okutobala akudziwa yankho. Kutentha kumapyola madigiri 30 masana, malata amasunga moto mpaka pakati pa usiku, magetsi akathima fani nayo yaima. Ndani angatseke zenera? Timagona mazenera ali yasaa, neti yokha ndi imene imatitchinga. Tsono filimu imateteza galasi, siteteza bowo. Zenera likatsegulidwa, filimu yonse ija yapita nalo kumbali, wakuba sakufunikanso hamala. Kavidiyo ka alamu anga kanajambulidwa m'dziko lomwe anthu amatseka mazenera n'kuyatsa makina oziziritsa m'nyumba. Izi sizikutanthauza kuti filimu ilibe ntchito kuno. Ili nayo, koma malo ake ndi ochepa kusiyana ndi momwe ogulitsa amanenera.

Zomwe filimu imachitadi

Filimuyi imapangidwa ndi poliyesitala, timapepala tingapo tophatikizidwa ndi guluu. Kukhuthala kwake amakuyeza mu mil, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amapusitsidwa: mil si milimita. Mil imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a inchi, pafupifupi ma micron 25. Ndiye filimu ya 4 mil ndi ma micron 100, gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Imeneyi ntchito yake ndi kugwira zidutswa kuti zisamwazike galasi likasweka. Yoyenera kutchedwa yotchinga mbava imayambira pa 7 kapena 8 mil, ndipo ilipo yofika 12 mpaka 15 mil. Makampani odziwika omwe amaipanga ndi monga 3M, LLumar, Solar Gard ndi Madico.

Galasi lomatidwa filimu limasweka ndithu, ndipo kamwala komwe kakanaliswa kale kaliswabe. Kusiyana kwake n'kwakuti zidutswa zimakanirira pa filimu, ndiye m'malo moti wakuba amenye kamodzi n'kupisa mkono kukatsegula chogwirira, ayenera kumenya kambirimbiri pamalo amodzi kuti aboole. Chomwe mwagula ndi nthawi komanso phokoso. Ngati m'nyumbamo muli anthu, pakhomo pali galu, mlonda ali maso kapena achitetezo cha m'mudzi akuyendera, nthawi imeneyo ndi yamtengo wapatali. Ngati nyumba ili yokhayokha kumchenga, eni ake ali ku Lilongwe ndipo mlonda wapita kumaliro, wakuba amenya mpaka atatopa, palibe womumva. Chipolopolo ndiye musachitchule n'komwe, chimadutsa.

Pali chinthu china chomwe mavidiyo aja sanena. Filimu imagwira galasi, koma galasilo lagwiridwa ndi chiyani? M'mafelemu athu achitsulo galasi limagwiridwa ndi puti yekha, phala lija amamata m'mbali mwa galasi, yemwe dzuwa la kunyanja limamuumitsa mpaka kumagamphuka ndi chikhadabo. Galasi lomatidwa bwino likamenyedwa limatha kutuluka lonse lathunthu ngati chitseko, kapenanso wakuba amangokanganula puti panja ndi mpeni n'kulichotsa mwakachetechete. Pofuna kupewa izi amisiri odziwa amamanga filimu ku felemu: amapaka silikoni yolimba yomangira, monga DOWSIL 995, kuzungulira m'mbali monse cham'kati, yokhudza filimu ndi chitsulo pamodzi. Silikoni wamba wa kubafa sagwira ntchito imeneyi. Munthu akakupatsani mtengo wa filimu osatchulapo zomangira m'mbali, dziwani kuti akukugulitsani theka la ntchito.

Ubwino wake wina sukhudza mbava n'komwe, ndipo kwa ine ndi umene uli waukulu. Magalasi ambiri m'nyumba zathu ndi a 3 kapena 4 milimita, ndipo akasweka amasanduka mipeni. Mwana akuthamanga n'kugunda chitseko cha galasi, mwera wa mu Juni ndi Julaye ukumenyetsa zenera lomwe mwaiwala kukola, mpira wa ana a aneba, zonsezi zimachitika kawirikawiri kuposa kuthyoledwa. Akuluakulu a kuno sanaiwale chivomerezi cha pa 10 Marichi 1989 chomwe chinagwetsa nyumba zambiri m'boma lino n'kupha anthu 9. Tikukhala m'chigwa momwe nthaka imagwedezeka, ndipo galasi losamwazika pamwamba pa bedi la mwana si chinthu chochepa. Filimu yabwino imatchinganso pafupifupi 99 peresenti ya kuwala kwa UV, kuja kumafwifwitsa makatani ndi mipando.

Pomwe filimu ndi kutaya ndalama

Pa ma louvre musayese. Timagalasi timeneti timangopanidwa ndi tizitsulo tofewa, munthu amatipinda ndi zala n'kusolola galasi limodzilimodzi popanda phokoso, n'kumawasanja bwinobwino pansi ngati mbale zotsukidwa. Nyumba zambiri zakale za pa boma, ku Chipoka ndi ku Nkhotakota zili ndi mazenera otere chifukwa amalowetsa mphepo bwino. Ndi abwinodi pa kutentha, koma chitetezo chawo chonse chili pa zomwe zili kumbuyo kwake.

Galasi la kubafa, lija la tizithupsa losaonetsa m'kati, filimu sigwira mbali yokhakhala. Galasi lomwe lili ndi mng'alu kale liyambe lasinthidwa. Ndipo tinti wa galimoto, yemwe anyamata amamata m'magalaja, si filimu yotetezera. Ndi wopyapyala, ntchito yake ndi kudetsa galasi basi. Ndinaona wina akugulitsa tinti wakuda akuti ndi "wa security". Mufunseni kukhuthala kwake mu mil kapena ma micron, akuonetseni bokosi kapena pepala la fakitale. Ngati pali EN 12600, ndiye kuti inayesedwa ngati imateteza munthu wogunda galasi. EN 356 ndi muyezo wa galasi lolimbana ndi womenya dala. Wogulitsa wongoti "ndi yolimba bwana" mumusiye.

Filimu ya ngati kalilole ija, yomwe masana wapanja amadziona yekha, imakopa anthu ambiri. Usiku mukayatsa getsi zimatembenuka, wapanja amakuonani bwinobwino, inu ndi amene mumadziona nokha. Yakuda kwambiri nayo ili ndi vuto lake kuno: imamwa kutentha, pakati pa galasi pamatentha kuposa m'mbali mobisika ndi felemu, ndipo galasi lomwe linadulidwa mosasamala limatha kung'aluka lokha. Zenera loyang'ana kuzambwe lomwe theka lili mumthunzi wa khonde theka padzuwa ndi lomwe lili pangozi kwambiri.

Zitsulo

Ma burglar bar ndi onyansa, alamu anga sananame. Koma ndi okhawo mwa zonse zomwe ndikuyerekeza pano omwe amagwira ntchito zenera lili lotsegula, ndipo pa chifukwa chimenechi chokha, m'chipinda chilichonse chogona ku Salima ndimayamba ndi iwo. Owotcherera ali paliponse, pa Kamuzu Road, ku Khombedza, ku Benga, ku Dwangwa, ndipo chikathyoka amakonza tsiku lomwelo ngati magetsi alipo.

Kungoti zitsulo zimasiyana. Mafelemu ambiri ogula okonzeratu amabwera ndi tizitsulo topyapyala tongogundidwa ndi kadontho kamodzi ka moto. Timeneto munthu amatithyola ndi phazi. Ena amabwera ndi jeki ya galimoto, kuiika pakati pa zitsulo ziwiri n'kuzikankha mpaka kamnyamata kowonda kalowe kukatsegula chitseko. Jeki imapambana pomwe zitsulo ndi zazitali popanda chopingasa pakati. Ndiye uzani mmisiri agwiritse zitsulo za 12 milimita kapena kuposa, mipata isapyole masentimita 10 mpaka 12, ndipo aike zopingasa pafupipafupi zowotcheredwa paliponse pomwe zakumana. Nsonga zake zilowe m'khoma ndi simenti, kapena ziwotcheredwe pa felemu yomwe nayo inamangidwa m'khoma. Zomangidwa ndi masikuluwu oonekera panja ndi zokongoletsa chabe. Zili bwino zikhale cham'kati mwa galasi, kuti wodula ayambe waswa kaye.

Maluwa ndi mitima zomwe owotcherera amakonda kupinda zimawononga chitsulo n'kusiya mipata yaikulu. Mizere yowongoka yopingasa, yopakidwa utoto wofanana ndi felemu, maso amaizolowera msanga. Dzimbiri limavuta m'mbali mwa nyanja chifukwa cha chinyontho, ndiye utoto woteteza ku dzimbiri wa red oxide upakidwe chitsulo chisanalowe m'khoma, osati pambuyo pake.

Choopsa cha zitsulo ndi moto. Magetsi akathima timayatsa makandulo, ena amasunga petulo wa njinga yamoto kapena wa injini ya boti m'nyumba. Moto ukayambira pabalaza, chitseko chatsekeka, banja lonse lili kuseri kwa zitsulo zomwe linalipira lokha. Chipinda chilichonse chogona chikhale ndi zenera limodzi lomwe zitsulo zake zili pa mahinjesi, zotsekedwa ndi loko cham'kati, kiyi wake apachikidwe pomwe mwana wamkulu angafikire koma mkono wapanja sungafike. Mmisiri wathu anaseka nditamuuza izi. "Achimwene, anthu amafuna ndiwotcherere mpaka kalekale, inu mukufuna chitseko?" Anapanga, ndipo loko wake timamuthira mafuta mvula isanayambe. Filimu yokhuthala nayo ili ndi mbali yomweyi: galasi lovuta kuswa panja ndi lovutanso kuswa m'kati, choncho musamate pa zenera losatseguka lomwe ndi njira yokhayo yothawira.

Kuwedza

Kwathu kuno asodzi sali panyanja pokha. Foni yanga yoyamba ya intaneti inapita ine ndili mtulo, zitsulo zili bwinobwino, chitseko chili chokhoma. Munthu anang'amba waya wa sefa ndi lezala, n'kulowetsa bango lalitali lokhala ndi mbedza kunsonga. Anawedza foni ndi chaja chake, n'kubwereza thalauzi lomwe munali kachikwama. Pa kuba kotere zitsulo sizithandiza, filimunso sithandiza.

Waya wa sefa wamba ndi wa udzudzu, ndipo pa ntchito imeneyo musamusiye, malungo kuno ndi mbava yaikulu kuposa onsewa, komanso tizilombo touluka ta nkhungu tikatuluka m'nyanja cha ku Nkhotakota mumamuthokoza. Chotchinga mbedza ndi waya wokhuthala wa maso aang'ono, uja amadula pa chitsulo chathyathyathya n'kuchitambasula, wowotcheredwa pa zitsulo zomwezo. Amachepetsako mphepo pang'ono ndipo amasunga fumbi, koma pa zenera la kuchipinda loyang'ana kunjira ndi wofunika. Njira yaulere ndi kusuntha bedi ndi soketi yotchajira kutali ndi zenera.

Galasi lolimba kale

Womanga nyumba yatsopano ali ndi mwayi womwe wokonza yakale alibe: kugula galasi lophatikiza, lomwe ogulitsa amati laminated. Ndi magalasi awiri okhala ndi pulasitiki pakati, ngati galasi lakutsogolo kwa galimoto lomwe limang'aluka koma osagwa. Lofala ndi la 6.38 milimita, magalasi awiri a 3 milimita ndi kapulasitiki ka 0.38 pakati. Limachita zomwe filimu imachita, koma pulasitiki yake ili m'kati, sikandika, simatuka m'mbali, ndipo mumatsuka ndi chilichonse. Ndi lolemera, felemu iyenera kukhala ndi malo okwanira, ndipo muyenera kuliitanitsa ku Lilongwe litadulidwa kale pa muyezo. Mukalakwitsa muyezo mwalira, chifukwa mmisiri wa pamsika wozolowera galasi wamba savomera kulidula. Msewu wa M14 ndi zitunda za ku Mvera zimafunanso wonyamula wosamala.

Musalisokoneze ndi la toughened, lija la m'mbali mwa galimoto. Limenelo ndi lolimba pomenyedwa ndi chinthu chobuntha, koma kachitsulo kosongoka kamaliphwanya lonse kukhala timiyala ngati mchere wa mibulu. Silicheka munthu kwambiri, koma wakuba limamutsegulira njira yonse nthawi imodzi. Zitseko zambiri zokankha za aluminiyamu zimabwera ndi galasi limeneli, ndipo apa ndi pomwe filimu imagwira ntchito yake yeniyeni, bola imangidwe ku felemu. Chitseko chokankhacho muikenso thabwa kapena chitsulo mu njanji yake usiku, chifukwa loko wake ndi wofooka kuposa galasilo.

Zotsekera za matabwa kunja kwa zenera ndizitchule mwachidule. Pa nyumba yomwe imakhala miyezi yopanda munthu ndi zabwino, zimabisa katundu ndi kuteteza galasi ku mphepo. Zimalengezanso kwa aliyense kuti eni ake kulibe, ndipo chiswe cha kuno sichichedwa.

Kumata nokha kapena kuitana katswiri

Filimu ya 4 mil munthu wodekha angathe kumata yekha. Ya 8 mil kupita m'mwamba ndi youma ngati chikopa, kutulutsa madzi pansi pake kumafuna mphamvu ndi chipangizo choyenera, ndipo mukalephera mumatsala ndi matuza osatha. Pa galasi lalikulu ine ndingaitane odziwa, ngakhale atachokera ku Lilongwe n'kuwalipirira mafuta.

Ngati mwasankha kuyesa nokha, mdani wanu ndi fumbi, ndipo fumbi ku Salima sitigula. Musamate tsiku la mwera kapena masana galasi litatentha, madzi amauma musanayale bwino. Yambani m'mamawa, tsekani zitseko, chotsani makatani, kolopani pansi. Galasi mulipale ndi lezala latsopano litanyowa, kuchotsa madontho a utoto, simenti ndi zotsalira za puti, makamaka m'makona. Madzi ake akhale oyera, a m'botolo ngati n'kotheka, chifukwa a pamjigo ena kuno ali ndi mchere ndi timchenga tomwe timatsala pansi pa filimu mpaka kalekale. Muthiremo timadontho tochepa ta shampu ya ana. Dulani filimu, nyowetsani galasi kwambiri, matulani pepala lakumbuyo mukupopera madzi pa guluu, yalani, kenako kankhani madzi ndi chopalira cha labala kuchokera pakati kupita m'mbali, mobwereza ndi mwamphamvu. M'mbali musiye kampata ka milimita imodzi kapena ziwiri kuti madzi atulukire. Pafunika anthu awiri, wina agwire wina amatule. Puti watsopano ali ndi mafuta omwe amawononga m'mphepete mwa filimu, ndiye dikirani aume.

Masiku oyamba galasi limaoneka ngati lachita nkhungu, ndi timatuza ta madzi apa ndi apo. Musatiboole. Timauma tokha, ndipo guluu amafika pa mphamvu yake pakatha mwezi kapena kuposa, filimu ikakhuthala nthawinso imatalika. Pa nthawi imeneyi musatsuke. Pambuyo pake nsalu yofewa ndi madzi a sopo pang'ono zakwana. Sitiliwulu, Vim ndi nyuzipepala youma zimakanda. Wothandiza ntchito zapakhomo mumuuze, chifukwa ambiri tinakula tikupukuta magalasi ndi nyuzipepala.

Za mtengo, filimu imagulitsidwa pa sikweya mita ndipo mipukutu yambiri ndi ya mita 1.52 m'lifupi. Zenera la mita 1.2 kwa 1.5 ndi masikweya mita 1.8, koma ngati lagawidwa timagalasi tating'onoting'ono, zotaya zimachuluka ndipo ntchito imawirikiza. Mazenera otere filimu siwapindulira kwenikweni, chifukwa tizitsulo togawa galasi tija timatchinga kale. Filimu ndi katundu wochokera kunja, mtengo wake umatsata dola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense anaona momwe katundu wotere amadumphira. Chitsulo nacho chimakwera, koma mmisiri wake ndi wa pompano ndipo mutha kutchinga zenera limodzilimodzi malinga ndi m'thumba. Wokhala nyumba ya lendi ayambe wakambirana ndi alandilodi, chifukwa zonse ziwirizi simunyamula posamuka.

Nyumba ya alamu anga tinaigawa pawiri. Zipinda zogona, khitchini, bafa ndi mbali yonse yoyang'ana kumsewu tinaika zitsulo za mizere yopingasa cham'kati, zenera limodzi lotseguka m'chipinda chilichonse, ndi waya wokhuthala pa mazenera awiri a kunjira. Pabalaza, pa magalasi awiri aakulu osatseguka ndi chitseko chokankha choyang'ana kunyanja, tinamata filimu yoyera ya 8 mil yomangidwa ku felemu ndi silikoni. Pakati pa balaza ndi kanjira kopita kuzipinda tinaika geti lachitsulo lokhoma usiku, kuti woboola galasi apeze mipando yokha. Nditawatumizira zithunzi anaimba foni n'kufunsa ngati zitsulo za kuchipinda kwawo sizingachoke. Ndinawauza kuti abwere mu Okutobala adzagone usiku umodzi mazenera ali otseka, akadzuka bwino ndidzazidula ndekha. Akuti akubwera pa Khrisimasi.